Munthu wathawa kale n'kusiya zonse, nanga zigawenga zimamulondolanso chifukwa chiyani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mwanza amene anakulira kufupi ndi malire. Akuti akukumbukira bwino anthu a ku Mozambique akulowa m'mudzi mwawo atasenza mitolo pa nthawi ya nkhondo ya RENAMO ndi FRELIMO. Funso lawo ndi ili: "Ndikamva pa wailesi kuti zigawenga zapha anthu pa msasa wa othawa nkhondo ku Nigeria kapena ku Congo, mutu wanga sugwira. Munthu wasiya nyumba, munda, ziweto, akugona m'tenti, alibe mfuti ngakhale ndalama. Akamupha apindulanji? Kodi si misala imeneyi?"

Bambo, si misala ayi. Nkhanza zilipo zosaneneka, koma nkhanzazo zili ndi cholinga chake. Timakonda kunena kuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ngati kuti udzuwo wangopondedwa mwangozi. Pa nkhondo za mtundu uwu mwambiwu ungatisocheretse, chifukwa chimene njovuzo zikulimbirana ndi udzu womwewo. Boma likufuna anthu akhale mbali yake, zigawenga nazo zikufuna anthu omwewo akhale pansi pa ulamuliro wawo. Ndiye munthu akanyamuka m'mudzi n'kukakhala pa msasa wolonderedwa ndi asilikali a boma, iye amati ndapulumutsa moyo wanga ndi wa ana, koma zigawenga zimati watigalukira.

Anthu amene munkawaona ku Mwanza aja anali ndi mwayi umodzi: anawoloka malire. Dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ngakhale moyo wa pa msasa unali wowawa, ambiri anali atatalikirana nayo mfuti. Amene mukufunsa lerowa sanawoloke malire aliwonse. Athawa mudzi wawo koma akadali m'dziko lawo lomwelo, nthawi zambiri pa mtunda woti munthu atha kuyenda wapansi tsiku limodzi kuchokera kumene kuli adani awo. Udindo wowateteza uli m'manja mwa boma lawo, monga pangano la mayiko a mu Africa lokhudza anthu othawa kwawo m'dziko lawo lomwe, limene linapangidwa ku Kampala mu 2009, linanenera, koma boma lomwelo ndi limene likumenya nkhondo. Apa m'pamene pagona vuto lonse.

Ndikamba kwambiri za chigawo cha Borno, kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria, chifukwa kumeneko zinthu zimaoneka poyera. Nkhondo ya gulu la zigawenga la Boko Haram inayamba mu 2009, ndipo yasamutsa anthu pafupifupi 2 miliyoni.

Pa 9 February 2016, m'tauni ya Dikwa, pa msasa wa anthu pafupifupi 50,000, panafika atsikana atatu. Ankaoneka ngati othawa nkhondo ena onse, otopa, opanda katundu, ndipo anawalandira n'kuwapatsa pogona. Kutacha, anthu ali pa mzere kuyembekezera chakudya, awiri mwa atsikanawo anadziphulitsa ndi mabomba amene anawamangirira m'thupi. Anthu pafupifupi 60 anafa. Wachitatu uja sanaphulitse lake. Malinga ndi zimene akuluakulu a kumeneko ananena, anakana atazindikira kuti makolo ake ndi abale ake anali pa msasa pomwepo. Taganizani bambo: amene anamutuma anamutuma kukapha anthu a kwawo, anthu olankhula chinenero chake, opemphera mu mzikiti ngati iye. Ophedwa ambiri pa misasa ya ku Borno ndi Asilamu, ndipo ichi n'chimene chimasokoneza anthu amene amaganiza kuti nkhondoyi ndi ya Asilamu kulimbana ndi Akhristu basi.

Mtsogoleri wa Boko Haram pa nthawiyo, Abubakar Shekau, anali ndi chiphunzitso chake pa nkhaniyi. Kwa iye, Msilamu aliyense amene anasankha kukhala m'dera lolamulidwa ndi boma la Nigeria, m'malo mosamukira ku dera la gulu lake, anali atasiya chikhulupiriro, ndipo magazi ake anali oyenera kukhetsedwa. Mu August 2014 gululi linalanda tauni ya Gwoza n'kulengeza kuti lakhazikitsa ufumu wake wa Chisilamu. Koma ufumu umafuna anthu: olima, opereka msonkho, anyamata onyamula mfuti, akazi ophika ndi kubereka. Anthu atayamba kuthawira ku Maiduguri, likulu la Borno, m'magulumagulu, ufumu uja unasanduka tchire lopanda anthu. Msasa uliwonse unali umboni woti anthu akukana ufumuwo. Kuphulitsa bomba pa mzere wa chakudya kunali kulanga amene anathawa, komanso kuuza amene anatsala m'midzi kuti kothawira kulibe.

Chiphunzitso chimenechi chinali chonyanya moti ngakhale anzake enieni chinawakwana. Mu August 2016 gululi linagawikana. Gulu la Islamic State linasankha Abu Musab al-Barnawi kukhala mtsogoleri wa nthambi imene imadziwika kuti ISWAP, ndipo chimodzi mwa zimene ankamudzudzula nazo Shekau chinali kupha Asilamu wamba m'misika ndi m'mizikiti. Musafulumire kuwayamikira a ISWAP. Iwo anangoona kuti munthu wamoyo amapindulitsa kuposa wakufa. M'mbali mwa nyanja ya Chad anayamba kuitana anthu kuti abwerere adzalime ndi kupha nsomba, iwo n'kumadula msonkho pa nsomba, pa tsabola, pa ng'ombe. Wolipira amamusiya, koma amene amuganizira kuti amauza asilikali zinthu amamupha popanda mlandu. Magulu awiriwa amasiyana njira, koma onse akulimbirana chinthu chimodzi, anthu. Shekau anafa mu May 2021 m'nkhalango ya Sambisa atapanikizidwa ndi a ISWAP omwewo, koma otsatira ake sanathe.

Tsopano onani mmene msasa wa ku Borno umakhalira, chifukwa ambiri timaganiza za matenti oyera ali paokha pa bwalo, kutali ndi nkhondo. Si choncho. M'matauni ngati Bama, Dikwa, Ngala, Monguno ndi Rann, asilikali anakumba ngalande yaikulu kuzungulira tauni yonse. M'kati mwa ngalande muli asilikali, maofesi a mabungwe othandiza, ndi anthu masauzande ambirimbiri othawa kwawo. Kunja kwa ngalande kuli tchire, ndipo boma limaona aliyense wopezeka kumeneko ngati mdani kapena wothandiza adani. Ena mwa anthu a m'misasayi sanabwere okha. Asilikali ndiwo anawatulutsa m'midzi n'cholinga choti zigawenga zisowe chakudya ndi pobisala. Mu 2019 asilikali anachotsa timagulu tawo ting'onoting'ono m'midzi n'kusonkhana m'malo akuluakulu ochepa, ndipo madera ambiri akumidzi anatsala opanda mlonda.

Ndiye zigawenga zikafuna kuukira asilikali kuti zilande mfuti, zipolopolo ndi galimoto, zimadutsa pa anthu wamba chifukwa anthuwo agona moyandikana ndi asilikaliwo. Zikafuna chakudya ndi mankhwala, kulibe kwina kumene kuli nkhokwe zodzaza kuposa pa msasa. Munanena kuti wothawa nkhondo alibe kanthu. Iye payekha alibedi, koma pamene wakhala pali matumba a mpunga ndi mapira, mafuta ophikira, mankhwala, mafuta a galimoto, m'dera limene minda yakhala zaka osalimidwa. Zigawenga nazo zimamva njala.

Tauni ya Rann, kufupi ndi malire a Cameroon, inaona zonsezi motsatizana. Pa 1 March 2018 zigawenga zinaukira malo a asilikali kumeneko, zinapha ogwira ntchito zothandiza anthu atatu, n'kugwira amayi atatu a zachipatala. Awiri mwa iwo, azamba amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Red Cross, anaphedwa ndi a ISWAP chaka chomwecho, wina mu September wina mu October. Kupha mzamba kuli ndi zotsatira zake: mabungwe amachotsa antchito awo, chipatala chimatsekedwa, ndipo moyo wa mbali ya boma umaipiraipira. Mu January 2019 zigawenga zinabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri zinapeza asilikali atachoka, ndipo bungwe la Amnesty International linati anthu osachepera 60 anaphedwa, nyumba mazanamazana n'kutenthedwa. Anthu masauzande ambiri anathawira ku Cameroon wapansi. Anthu amenewa anali atathawa kale kamodzi, ena kawiri.

Koma chimene sichimveka kawirikawiri pa wailesi n'chakuti anthu ambiri amagwidwa kunja kwa ngalande osati m'kati mwa msasa. Chakudya cha thandizo sichikwana, ndipo chikachepetsedwa chifukwa mabungwe asowa ndalama, mayi amayenera kupeza njira. Ngakhale chakudyacho chilipo, amaphikira chiyani? Mitengo yapafupi inatha kalekale. Ndiye amayi ndi atsikana amadzuka m'mamawa, amadutsa pa chipata cha asilikali, n'kupita kutali kukatola nkhuni, zina zophikira zina zogulitsa. Amadziwa bwino amene ali m'tchiremo. Chakumayambiriro kwa March 2024 kunamveka kuti ku Ngala zigawenga zagwira anthu a m'misasa amene anapita kunkhuni, ndipo bungwe la United Nations linati anali oposa 200, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Okalamba ena ndi ana aang'ono anawamasula, atsikana anawatenga. Mtsikana wogwidwa amakakwatiwa mokakamiza, amagwira ntchito, mwina amawomboledwa ndi dipo, mwinanso amamangiriridwa bomba n'kubwezedwa kumene anachokera. Bungwe la UNICEF linawerenga ana 83 amene anagwiritsidwa ntchito ngati mabomba kuyambira January mpaka August 2017, ndipo 55 mwa iwo anali atsikana.

Apa pali nkhanza ina yobisika. Bomba limodzi la mtsikana limachititsa kuti mtsikana aliyense wochokera kutchire aziopedwa. Amene wathawa m'manja mwa zigawenga, m'malo molandiridwa, amafufuzidwa, amasalidwa, ana ake n'kumatchedwa ana a Boko Haram. Mbiri imeneyi ikafika kutchire, ena amene amafuna kuthawa amagwa ulesi. Zigawenga zapindula kawiri ndi bomba limodzi.

Pali nkhani ya akazitape. Mu 2013 anyamata a ku Maiduguri anapanga gulu lothandiza asilikali lotchedwa Civilian JTF. Poyamba ankangonyamula zibonga ndi zikwanje, koma mphamvu yawo yeniyeni inali yoti ankadziwa nkhope. Msilikali wochokera ku Lagos sangasiyanitse mlimi ndi chigawenga, koma mnyamata wa m'mudzi momwemo amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, analowa m'tchire chaka chakuti. Munthu wothawa kwawo amabwera ndi nzeru zimenezi: njira, zitsime, mayina. Kwa zigawenga ameneyu ndi woopsa kuposa mfuti. Pa 28 November 2020, ku Koshobe pafupi ndi Zabarmari, alimi a mpunga osachepera 43 anaphedwa mochita kudulidwa pakhosi ali m'munda. Ambiri anali aganyu, osati anthu a pa msasa, koma chifukwa chimene gulu la Shekau linapereka n'chimene ndikufuna mumve: linati alimiwo anagwira mmodzi wa anthu ake n'kumupereka kwa asilikali. Chigawenga chimodzi chinaperekedwa, mudzi wonse unalipira.

Ndipo tisaiwale kuti uchigawenga umadya mbiri. Boma likalengeza kuti lagonjetsa adani, monga mmene Pulezidenti wa Nigeria pa nthawiyo, Muhammadu Buhari, ananenera mu December 2015 kuti Boko Haram yatheratu mphamvu, njira yotsika mtengo yolichititsa manyazi ndi kupha anthu amene boma likuti likuwateteza. Patangotha mwezi umodzi, pa 30 January 2016, zigawenga zinatentha mudzi wa Dalori, pafupi ndi Maiduguri penipeni ndiponso moyandikana ndi misasa ikuluikulu, n'kupha anthu oposa 80. Za ku Dikwa zija zinachitika patangopita masiku khumi. Kuukira malo a asilikali kumafuna amuna ambiri ndi zida. Kuukira mzere wa chakudya kumafuna mwana mmodzi wamantha.

Munatchulanso Congo. Kumeneko, m'chigawo cha Ituri, chifukwa chake n'chosiyanako. Gulu la CODECO limati likumenyera anthu a mtundu wa Lendu, ndipo mkangano wake ndi anthu a mtundu wa Hema ndi wakale, wokhudza malo, ziweto ndi migodi ya golide. Ahema akathawa m'midzi yawo amasonkhana pa misasa, ndipo msasawo umasanduka malo amodzi pamene adani awo angawapeze onse pamodzi. Usiku wa pa 1 February 2022, pa msasa wa Plaine Savo, anthu pafupifupi 60 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje. Mu June 2023 pa msasa wa Lala anaphedwa oposa 40, pafupifupi theka la iwo ana. Apa cholinga si kulamulira anthuwo koma kuonetsetsa kuti asadzabwererenso ku minda imene anasiya.

Kwa anansi athu ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene nkhondo inayamba pa 5 October 2017 ku Mocímboa da Praia, zigawenga zimakonda kuukira midzi ndi misewu kusiyana ndi misasa yeniyeni, koma maganizo ake ndi omwe aja a ku Borno. Mu April 2020 m'mudzi wa Xitaxi anthu 52 anaphedwa, ndipo apolisi anati anali anyamata amene anakana kulowa gululo. Pamene tauni ya Palma inkaukiridwa pa 24 March 2021, inali itadzaza kale ndi anthu othawa m'maboma ena, misewu itatsekedwa, chakudya chikusowa. Mu February 2024 nkhondo inafika ku Chiúre, kum'mwera, dera limene anthu ambiri anali atathawirako poganiza kuti n'kotetezeka, ndipo anthu masauzande ambiri ananyamukanso. Inu a ku Mwanza izi si zachilendo kwenikweni. Pa nkhondo ija, FRELIMO inkasonkhanitsa anthu m'midzi ya boma, ena mokakamiza, ndipo RENAMO inkatentha midzi yomweyo chifukwa inali chizindikiro cha boma, n'kutenga anthu kuti akaisenzere katundu ndi kuilimira. Ambiri mwa amene munawaona atasenza mitolo ankathawa mbali zonse ziwiri.

Mawu akuti mbali zonse ziwiriwa ndiyenera kuwatsindika, chifukwa ndikangoloza chala zigawenga ndiye kuti ndakuuzani theka la nkhani. Pa 17 January 2017 ndege ya nkhondo ya boma la Nigeria inaponya mabomba pa msasa wa ku Rann komwe kuja, n'kupha anthu oposa 100, kuphatikizapo ogwira ntchito za Red Cross. Asilikali anati inali ngozi. Mu June 2016 madokotala a bungwe la MSF atafika pa msasa wa ku Bama, umene unali m'manja mwa asilikali, anapeza anthu pafupifupi 24,000, ndipo pafupifupi 200 anali atafa pa mwezi umodzi wokha, makamaka ndi njala ndi kutsegula m'mimba. Mu 2018 bungwe la Amnesty International linafalitsa umboni wa amayi amene ankagwiriridwa ndi asilikali ndi anyamata a Civilian JTF, ena posinthanitsa ndi chakudya. Zoterezi zigawenga zimazigwiritsa ntchito pokopa anthu: taonani boma limene munathawirako. Mayi wina akasankha kubwerera kutchire sikuti amakonda zigawenga, koma kuti kumeneko mwina ana ake adya.

Ine maganizo anga ndi akuti kuika anthu wamba ndi asilikali m'ngalande imodzi kumathandiza asilikali kuposa mmene kumathandizira anthuwo. Kumalanda zigawenga chakudya ndi antchito, inde, koma kumamata chizindikiro cha boma pa chipumi cha mayi aliyense wa pa msasa, kenaka n'kumusiya apite yekha kunkhuni. Pamene asilikali amaperekeza anthu ku minda ndi kunkhuni, kapena pamene mabungwe amagawa mbaula zosatha nkhuni zambiri, ngozi imachepako. Izi si zinthu zapatali. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi ndalama ndi chidwi, chifukwa nkhuni sizilowa m'malipoti a nkhondo.

Ndipo kutseka misasa nakonso si mankhwala. Bwanamkubwa wa Borno, Babagana Zulum, analamula kuti misasa ya boma ya mu Maiduguri itsekedwe pofika kumapeto kwa 2021, ponena kuti anthu sangakhale moyo wawo wonse akudalira thandizo ndipo ayenera kubwerera kukalima. Mfundoyo ili ndi nzeru zake, ndipo anthu ambiri amafunadi kwawo. Bungwe la Human Rights Watch linadandaula mu 2022 kuti anthu oposa 200,000 akukankhidwira m'mavuto, ena kumadera kumene nkhondo sinathe. Vuto ndi lakuti mudzi womangidwanso ndi boma, wokhala ndi nyumba zatsopano ndi asilikali owerengeka pa chipata, umalengeza kuti boma lapambana, ndipo zigawenga zimayankha. Pa 5 September 2025 usiku, zigawenga zinalowa m'mudzi wa Darul Jamal, m'dera la Bama, kumene anthu anali atangobwezeredwa kuchokera pa msasa. Zinayenda nyumba ndi nyumba, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa, kuphatikizapo asilikali ochepa amene ankalondera mudziwo. Bwanamkubwa Zulum anapita kukapepesa maliro, ndipo iye mwini anavomereza kuti asilikali amene alipo sakukwanira kuteteza malo onse.